Ndinamata Galimoto ya Bambo Ngati Ndowa

Bambo anagwa m'mwezi wa Okutobala, ine ndili Fomu 3. Anagwera pabwalo pathu pomwepa m'mawa, chiguduli chili m'manja, akupukuta galasi la galimoto yawo. Atabwerako kuchipatala patatha milungu itatu, dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinali zitafa, ndipo mawu anali atawathawa. Ankamva zonse, maso awo ankayankha, koma pakamwa pankangotuluka "aa, aa" basi. Adokotala anati ndi sitiroko.

Galimotoyo inali yaing'ono, yotuwa, yokalamba kuposa ine. Bambo ankanyamulira anthu kuchokera pa Chiringa kupita ku Migowi ndi kuboma, nthawi zina pamodzi ndi matumba a nandolo, nkhuku ndi njinga zomangidwa padenga. Chigwereni eni ake inangokhala pomwe anaisiya, pansi pa mtengo wa mango, mapazi makumi awiri ndi asanu kuchokera pakhonde. Ndinayeza ndekha, ndipo ndinalemba m'kope langa lofiira limene ndimalembamo zochitika za tsiku lililonse.

Kuchipatala anawauza amayi kuti bambo aziyenda tsiku ndi tsiku, apo ayi mwendowo udzauma osadzadzukanso. Koma bambo ankakana. Kupita kuchimbudzi ankachita kunyamulidwa. Kumene ankalola kulowera ndi kumodzi kokha, kugalimoto. Choncho m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkawagwira mbali yakufayo, iwo n'kugwira ndodo ndi dzanja lamanzere, tiyeni. Sabata yoyamba tinkayenda mapazi anayi, thukuta lili kamukamu, n'kubwerera. Sabata yachitatu tinafika asanu ndi awiri. Maso awo sankachoka pa galimotoyo. Ine ndinali nditamvetsa kuti bambo akuyenda chifukwa ikuwadikirira.

Mvula itatsala pang'ono kuyamba kunabwera bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, amene amakhala pa Chiringa ndipo nawonso amatha kuyendetsa. Anakhala pampando wandalema, nafunsa za matenda mwaulemu, kenako anatembenukira kwa amayi.

"Alamu, galimoto si mtondo woti uzingokhala pabwalo. Ikakhala imawola. Ndipatseni ndiziyendetsa, achimwene akachira ndidzabweza."

"Afunseni eni ake," anatero amayi. "Si awo ali apowo? Makutu ali nawo."

Bambo ankavala kiyi wa galimotoyo m'khosi, pachingwe cha nsapato. Atamva zimenezo anamufumbata ndi dzanja lamanzere, napukusa mutu mwamphamvu mpaka malovu anadontha.

"Achimwene, musaiwale kuti kuno n'kuchikamwini," anatero bambo aang'ono. "Chuma cha mwamuna chiwolere pamudzi pa eni? Kwathu akatifunsa tikayankha chiyani?"

"Zaka makumi awiri akhala pano," anatero amayi, "lero ndiye mwakumbukira kuti ndi mkamwini? Pomwe ankakukwezani ulere simunkanena bwanji?"

Mwana salowerera nkhani za akuluakulu, ndikudziwa, koma ndinali nditagwada pafupi ndi beseni la madzi osamba m'manja, ndipo mawu anangotuluka okha.

"Ndiisamala ine."

Bambo aang'ono anaseka. "Iwe? Ukudziwa pothira madzi ndi pothira oyilo? Samala makope ako, mwana wanga."

Koma sanali munthu woipitsitsa, ndipo ankawaopa achimwene awo ngakhale ali osayankhula. Pamapeto pake anagwirizana pamaso pa ankhoswe kuti galimoto ikhale pathu mpaka mvula itatha. Bambo aang'ono akadzabwera ndi mmisiri n'kuipeza ili bwino, idzakhala. Akadzaipeza ikuwonongeka, adzaitenga. Tsiku limenelo ndinalemba m'kope kuti, "Mulungu andithandize, dontho limodzi lisalowemo."

Ndinayamba bwino. Aphunzitsi ena a pafupi nafe anatithandiza kuchotsa batire n'kuliika m'nyumba. Tinakumba kangalande kuzungulira galimoto kuti madzi ochokera kuphiri asamadutse pansi pake. Ndinaifunditsa pepala lakuda lapulasitiki, lija timafolera nyumba, n'kutsindira ndi njerwa. Disembala yense mkati munali mouma, mukununkhira bambo: sopo wawo, fumbi la msewu ndi petulo.

Mu Januwale kunagwa mvula ya masiku asanu osakata. Denga la chipinda cha bambo linayamba kudontha pamutu pawo penipeni. Amayi anatuluka, nachotsa njerwa zija, nakoka pepala lija kukwera nalo padenga. Sindinawaletse. Pakati pa munthu ndi chitsulo, amayi anasankha bwino.

Mvula itakata ndinatsegula chitseko cha woyendetsa. Fungo linandiwomba ngati la chimanga chonyowa m'nkhokwe. Kapeti wa pansi anali wonyowa, ukaponda madzi amatuluka m'mbali mwa phazi. Ndinam'tukula. Pansi pa chitseko chilichonse pali chitsulo chachitali chimene munthu amalumpha polowa. Ife tinkangochitchula chiundo, monga cha pakhomo la nyumba. Chiundo cha mbali ya bambo chinali ndi matuza, penti itatukuka ngati khungu la munthu wopsa. Ndinaboola tuza limodzi ndi chikhadabo, munatuluka madzi ofiira. Dzimbiri linalipo kale, galimotoyo inali yakale, koma bambo chaka chilichonse ankalipala n'kupakapo oyilo wakuda. Chaka chimenechi panalibe wopala.

Ndinachita zimene ndinkadziwa. Ndinakwecha ziundo zonse ndi mchenga ndi phulusa, monga timakwechera mapoto, mpaka zala zinasupuka. Ndinapeza kachigubu ka oyilo wakuda kamene bambo anasiya kukhitchini, ndinapaka ndi nthenga ya nkhuku. Kapeti ndinam'yanika pathandala. Mvula ina itagwa, madzi anabweranso.

Ndinkafuna kudziwa polowera pake. Loweruka lina ndinayala thumba pansi, n'kugona chagada kuyang'ana kunsi kwa zitseko. Pamenepo ndinaziona: tizibowo ting'onoting'ono, tiwiri kapena titatu pa chitseko chilichonse, tina kunsi kwa ziundo. M'mphepete mwake munali dzimbiri, ndipo pa kena panali dontho la madzi likulendewera. Ndinati ndam'peza wakuba. Dzimbiri laboola chitsulo, mvula ikamenya pansi madzi akuthovukira m'mwamba n'kulowera m'menemu. Komanso teremu yomweyo tinali titaphunzira m'kalasi kuti chitsulo chimachita dzimbiri chikakumana ndi madzi ndi mpweya. Tinaika misomali m'mabotolo atatu, ndipo ine ndinakhoza mayeso ake kuposa aliyense. Ndinaganiza kuti ndikatseka tizibowoto, madzi ndi mpweya zidzasowa njira.

Kwathu ndowa ikabooka sititaya. Timang'amba kansalu, timakapota, timakalowetsa pachibowo ndi msomali, kenako timayatsa chidutswa cha beseni losweka n'kudonthezera pulasitiki wosungunukayo pamwamba. Ndowa yomatidwa choncho imatunga madzi zaka ziwiri. Amayi ndi katswiri pa ntchito imeneyi, akazi anzawo amabwera nazo ndowa kwa iwo. Nditawauza zimene ndapeza, anang'amba chitenje chawo chakale, nabweretsa mbaula.

Tinagwira ntchitoyo tsiku lonse. Kumata chinthu choyang'ana pansi n'kovuta, pulasitiki amafuna kukudonthera kumaso, ndiye tinkam'tapa ndi mpeni wotentha n'kupaka. Chipsera cha tsiku limenelo ndili nacho pamkono. Bambo anali pakhonde akutiyang'ana. Titangoyamba anayamba kufuula, "Aa! Aa!", akumenya ndodo pansi, akuloza galimoto ndi chibwano.

"Taona, bambo ako akondwa," anatero amayi. "Inde bambo, tikukusamalirani! Khalani phee, mugwa."

Ine ndinadzutsa mutu n'kuwabayibitsa ndi mpeni uja. M'kope langa, patsamba la tsiku limenelo, palembedwa kuti, "Bambo asangalala mpaka kumenya ndodo pansi." Sindinang'ambe tsambalo. Bambo ankatiletsa. Ankadziwa ntchito ya tizibowoto, ndipo anakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka akuonerera mkazi wawo ndi mwana wawo akutseka kamodzikamodzi, opanda mawu oti atiuzire.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuyenda mwaukali. Ankandidzutsa okha pogogoda ndodo pakhoma. Mapazi khumi ndi awiri, khumi ndi asanu ndi atatu, makumi awiri. Ine ndinkauza anzanga kusukulu kuti bambo akuchira. Chakumapeto kwa Febuluwale anafika pa galimoto. Ndinkayembekeza kuti agwira chitseko, mwina alira. Koma anandikankha ndi chigongono, nawerama, nayamba kutokosa kunsi kwa chitseko ndi nsonga ya ndodo. Ndodo inali yonenepa, kachibowo kang'onong'ono, ndipo munthu wa mwendo umodzi sangaweramire pa ndodo imene akutokosera. Anagwa chammbali, nagunditsa chipumi pachiundo. Magazi anatuluka ambiri.

Amayi anathamanga kuchokera kudimba atamva kukuwa kwanga. Titawanyamula, anandikalipira ine, nakalipiranso bambo.

"Mukufuna kukwera kuti mupite kuti? Mundiphera ana ndi mantha! Kuyambira lero malire ndi apa."

Analemba mzere ndi phazi pakati pa bwalo. Ndipo ine, pomvera amayi komanso poopa magazi aja, m'mawa uliwonse tikafika pamzerewo ndinkawatembenuza bambo. Ankalimbalimba, koma ine ndinali ndi manja awiri.

Malichi yense mvula inagwa. Zitseko zinayamba kulemera. Ndikatsegula cha kumbuyo ndinkamva kuti khuvu, ngati munthu wasuntha chigubu, koma ndinkati mwina ndi mmene zimamvekera galimoto ikakhalitsa. Pansi mkati munkanyowa kuposa kale. Magalasi ankachita nkhungu ngakhale dzuwa lili phwee. Pansi pa mpando wa bambo panamera tibowa toyera. Ine m'malo mokayikira ntchito yanga, ndinagonanso pathumba kufunafuna zibowo zimene ndinaziphonya. Ndinapeza ziwiri, ndinamatanso.

Bambo aang'ono anabwera chimanga chitauma m'munda. Anabwera ndi mmisiri wowotcherera wa pa Chiringa, bambo wachikulire wa ndevu zoyera ndi kachipewa koluka, amene anayamba wapita pakhonde kukagwira dzanja la bambo, nakhala nawo kanthawi. Ankadziwana kuyambira kale. Ine ndinali nditatsuka galimoto yonse m'mawa, matayala omwe, ndipo ndinavala yunifolomu ngakhale linali Loweruka, sindikudziwa chifukwa chake.

Mmisiriyo anaizungulira kamodzi. "Yasamba bwino," anatero. Anatsegula chitseko cha woyendetsa, nachikankha uku ndi uku, natchera khutu.

"Mukuweta matemba umu?"

Palibe anaseka. Anapempha thumba, nagona pansi monga ndinkagonera ine. Anayang'anitsitsa kunsi kwa chitseko.

"Wamata ndani kunoku?"

"Ndine," ndinayankha, ndipo ndinayankha monyadira.

"Wamata bwino, mwanawe. Ndowa ikanakhala yanga ndikanakuthokoza."

Anatulutsa msomali m'thumba la malaya, natokosa, nakoka kansalu ka chitenje cha amayi. Madzi anatuluka ngati pampopi, ofiira ngati a mumtsinje wosefukira, onunkha, ali ndi timakoko ta dzimbiri. Anayenderera pansi mpaka kumapazi kwa bambo aang'ono. Anatsegula kachibowo kachiwiri, kenako kachitatu. Chitseko chimodzi chokha chikanadzaza ndowa yaing'ono. Kenako anadzuka, naika chala chachikulu pachiundo pamene ndinapaka oyilo, nakanikiza. Chala chinalowa ngati m'papaya lakupsa.

"Tamvera, mwanawe," anatero, osakweza mawu. "Zibowo izi si dzimbiri ayi. Anaboola dala amene anapanga galimoto. Mvula imalowa apa, pagalasi, malabalawa akakalamba. Palibe galimoto imene simalowa madzi m'chitseko. Akalowa amatsika, n'kutulukira pansi. Chitseko cha galimoto chimakodza, ngati iwe ndi ine. Tsono iwe unachimanga. Madzi atasowa kopita anadzaza, n'kusefukira m'chiundo ndi pansi ponse. Miyezi ingati?"

"Itatu."

Mmisiri anapukusa mutu. "Poyamba paja chinkangofunika n'kutokosa matope ndi kawaya, madzi azituluka bwino. Ntchito ya mphindi zisanu."

Ndinayang'ana pakhonde. Bambo sankayang'ana galimoto. Ankayang'ana ndodo yawo.

"Ndinamuuza ndine," anatero amayi mofulumira. "Mwanayu alibe mlandu, nsalu ndi yanga, moto ndinakoleza ndine."

"Alamu, ine sindikufuna wolakwa," anatero bambo aang'ono. "Ndinanena kapena sindinanene? Ndinati galimoto si ya akazi ndi ana asukulu. Taonani tsopano, mwaiphika ngati kalongonda."

Anafunsa mmisiri ngati ingakonzeke. Iye anati ziundo ziwiri za mbali ya woyendetsa n'zofunika kudula n'kuwotcherera zitsulo zina, pansi paponso pafunika chigamba, ndipo mawaya odutsa pansi pa kapeti adyeka. Zonsezo sizikanatheka pabwalo pathu popanda magetsi. Ikakhalanso mvula ina, anatero, idzathyoka pakati anthu ali momwemo.

Pangano linali pangano. Bambo aang'ono anapita pakhonde, nagwada, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, kiyi."

Bambo anayesa kuvula chingwe chija ndi dzanja limodzi, koma chinakola kukhutu. Anayesanso, chinakolanso. Mng'ono wawo anatambasula dzanja kuti awathandize, iwo analikankha. Kenako anayang'ana ine. Ndinapita, ndinagwada, ndinatukula chingwecho kuchidutsitsa pamutu pawo. Chinali chofunda, chakuda ndi thukuta la miyezi isanu ndi umodzi. Ndinapereka ndi manja awiri kwa bambo aang'ono.

Injini inakana kulira ngakhale anabwezeramo batire. Amuna a m'mudzi anaikankha mpaka kumsewu, kumene lole ina yopita ku Chiringa inaikoka ndi chingwe. Njira yonse kuchokera pamango mpaka kumsewu inatsala ndi mzere wa madzi ofiira.

Anthu atabalalika ndinalowa m'chipinda cha bambo. Anali atagona kuyang'ana kukhoma. Ndinagwada pafupi ndi mphasa n'kunena zonse: kuti ndinkayesa ndikuchita bwino, kuti tsopano ndadziwa chimene ankatokosa ndi ndodo, kuti ndine amene ndinkawatembenuza pamzere. Ndinati andikhululukire. Patapita nthawi dzanja lawo lamanzere linabwera kumbuyo, osatembenuka, linapeza phewa langa, linakanikiza kamodzi n'kuchoka. Mpaka lero sindikudziwa ngati kunali kundikhululukira kapena kundiuza kuti ndituluke.

M'mawa mwake sanagogode pakhoma. Ndinapita ndekha ndi ndodo, anatseka maso. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Ndinayesa kuwanyengerera kuti tiyende mpaka pamango, tikakhale pamthunzi. Ndinayesa kunena za kutchalitchi, za kudimba kukaona mpiru. Amayi anayesa kukalipa, anayesa kulira. Pofika mwezi wa Juni mwendo uja unali utayamba kupindika pabondo, ndipo tikafuna kuuwongola ankabuula. Mapazi makumi awiri ndi asanu aja anabwerera kukhala anayi, a kuchimbudzi, titawagwira awiri.

Galimoto inakonzedwa. Ndinkaiona popita kusukulu, ikudutsa yodzaza, ziundo zake zili ndi zigamba zakuda zosapentedwa. Tsiku lina nditaweruka ndinayenda wapansi mpaka pa siteji ya pa Chiringa. Ndinawapeza bambo aang'ono akumangirira thumba la chinangwa kumbuyo.

"Mmisiri wamkulu wafika," anauza anzawo. "Bisani zitseko!"

Anzawowo anaseka, nkhani inali itafika kale kumeneko. Ndinadikira kuti amalize kuseka, kenako ndinagwada pafumbi pomwepo.

"Bambo, sindinabwere kudzaitenga. Ndikupempha Lamulungu limodzi lokha. Mubwere nayo kunyumba, muiimike pamango, achimwene anu aione. Asiya kuyenda."

Kuseka kunatha. Bambo aang'ono anandidzutsa msanga, akuyang'ana uku ndi uku.

"Dzuka, iwe, anthu aziti chiyani? Asiya kuyenda chichokereni galimoto?"

"Chichokereni."

Anakanda kumutu. "Lamulungu ndi tsiku la maukwati ndi misonkhano, anthu amachita hayala. Koma chabwino. Ndibwera. Ukawauze kuti ndibwera Lamulungu, tikawayendetse mpaka ku Migowi akaone anzawo."

Ndinathamanga njira yonse. Nditawauza bambo, anatsegula maso, nandiyang'ana nthawi yaitali. Lamulungu m'mawa analola kuti tiwamete ndevu. Ndinasita shati yawo yoyera ndi simbi yamakala, tinawaveka, tinawakhazika pakhonde. Anayenda okha ndi ndodo kuchokera pamphasa mpaka pampando, mapazi asanu ndi limodzi. Galimoto iliyonse ikamveka kumsewu ankadzutsa mutu. Tinakhala mpaka dzuwa linalowa kuseri kwa phiri. Bambo aang'ono anatumiza uthenga kuti anapeza hayala ya maliro ku Nazombe, abwera sabata yamawa.

Sabata yamawayo tinawavekanso. Sabata yachitatu tinawavekanso, koma anapempha ndi dzanja kuti tiwalowetse dzuwa lili pamutu. Lamulungu lachinayi nditabwera ndi shati, anaigwira ndi dzanja lamanzere n'kuiponya kukhoma.

Ndinaitola, ndinaikung'untha fumbi. Amayi akuti ndisiye, ndikungotha makala. Koma bambo aang'ono sananene kuti sabwera, anangoti ntchito yachuluka, ndipo Lachisanu lapitali ndinawakumbutsanso pa siteji, anati akukumbukira. Loweruka lililonse madzulo ndimaisita shatiyo n'kuikoloweka pa msomali wa kuseri kwa chitseko, pamene bambo sangaione, kuti galimoto ikadzamveka ikukhota panjira yathu tisadzachedwe ndi kusita.